Mfundo Zanu pa Mawaya a Mapulagi

Ada Mhone, makaniko wanga, lero ndachita chinthu choti mukadakhala moyo mukadandithamangitsa ndi sipanala. Potsuka injini ya galimoto yakale yothamanga yomwe ndinagula kwa mwini loji ku Kande, ndazula mawaya onse asanu ndi atatu a mapulagi, n'kudula timaulusi ta ukonde tomwe tinamangidwa pa waya aliyense. Ndimayesa zinyalala. Mpeni uli m'manja, ndazindikira kuti zinali mfundo zanu: imodzi ya pulagi yoyamba, ziwiri ya pulagi yachiwiri, mpaka zisanu ndi zitatu. Ndangokhala pansi pamchenga.

Munazimanga tsiku lomwe munachotsa mapoyinti, tizitsulo takale toyatsira injini, n'kuika kabokosi kamagetsi kotumiza moto ku mapulagi. Pulagi yomaliza imabisala poti dzanja silifika kuchokera pamwamba, ndiye munachotsa tayala lakutsogolo n'kulowetsa mkono mpaka m'phewa, tsaya litatsamira chitsulo. Munati, "Abwana, tabwerani muphunzire. Ine kulemba sindidziwa, mfundozi ndiye buku langa." Ndinayankha kuti, "Ndivutikirenji inu mulipo?" Munaseka, n'kunena kuti ulesi wa anthu a sukulu umavala tayi. Papita miyezi inayi chikuikireni m'manda ku Tukombo. Ndayesa kubwezera mawaya mongoganizira, koma galimoto yangophulika ngati mfuti n'kuzima. Ndisanaganize n'komwe, ndinali nditaimba kale nambala yanu. Ayankha ndi mayi a kunyumba kwanu.