Maliro Anga Anandipeza Ndikuwotcha Maswiti

Loweruka lapitali, 17 koloko, ndinamwalira. Ine mwiniwake nkhaniyi ndinaimva mochedwa, mbuzi itaphedwa kale.

Paja ndili kuno ku Mangalande kwa mwana wanga Tiwonge, amene ndi nesi. Mdzukulu wanga Wezi ali m'kagulu ka atsikana a kutchalitchi, ndipo anakauza anzake kuti agogo ake ndi katswiri wa moto. Basi, mayi wachizungu woyang'anira gululo anandipempha kuti nditsogolere macheza awo a pamoto.

Moto wake? Nkhuni zogula m'sitolo, zokutidwa m'pulasitiki, zosonkhera m'beseni lachitsulo. Chingwe kuzungulira kuti mwana asayandikire, ndowa ya madzi pambali, mayi uja atagwira pepala la chilolezo. Dzuwa likadali pamwamba, poti nyengo ino kuno limalowa mochedwa. Ndinafunsa Tiwonge kuti tiphikapo chiyani. Anati, "Palibe amama, ngwongoyang'ana." Ana anabaya ku timitengo timaswiti toyera ngati thonje n'kumawotcha.

Kenaka anati agogo atiphunzitse nyimbo ya kwawo ya pamoto.

Inu a kwathu ku Chikomeni, tandiuzani: anthu akasonkha moto panja n'kukhala mozungulira kumaimba, pamakhala pagwa chiyani? Nyimbo imene inandibwerera ndi ija tinaimba pa maliro a amuna anga, a Nyirenda, chaka chatha. Chiyambire tsikulo ndinali ndisanaimbeponso. Ndinaiyamba motsitsa mawu. Atsikana anaigwira msanga, n'kuwonjezera kuwomba m'manja, wina mpaka kuvina switi ili m'kamwa.

Tiwonge atandimva ndikuimba anagwetsa misozi. Ine nditapita kukatenga nkhuni zina, anajambula kanema wa ana aja akuimba pafoni, iyenso n'kuonekamo nkhope ili yonyowa, n'kutumizira abale kumudzi. Analemba liwu limodzi lokha: "Amama." Pomwepo mayi uja anafika ndi dengu, akuti pamoto sipaloledwa foni. Mafoni onse anazimitsidwa n'kulowa m'dengumo.

Tsono taganizirani mlamu wanga a Yotamu akuona zimenezo. Moto panja. Nyimbo ya maliro. Tiwonge akulira. Ine mulibe. Aimba foni, siikulowa.

Patapita maola awiri tinayatsa mafoni. Ya Tiwonge inalira nthawi yomweyo, ine n'kuyankha. Anali a Yotamu.

"Tiwonge mwana wanga, limba mtima. Thupi libwela liti?"

"Alamu, ndine NyaZimba."

Ndinawamva akuuza anthu chakumbali, "Akuti ndi eni ake." Anabwereranso kwa ine.

"Mulamu, mukamba kuti simunafe?"

"Sindinafe."

"Mwatsimikiza? Chifukwa mbuzi tapha kale."

"Iti?"

"Yanu ija yaikulu. Tinaona kuti simudzaifunanso."

Anayatsa kamera kuti ndidzionere ndekha. Pabwalo panga panalibe popondapo. Amayi a kutchalitchi m'nyumba, azibambo pamoto, njinga zatsamira nkhokwe. Wina anali atachokera ku boma la Lundazi pa njinga yamoto. NyaBanda, amene tinayambana chifukwa cha malire a munda wa nshawa, ndiye ankalira kuposa onse. Atandiona pafoni anadula kulirako, napukuta m'maso ndi chitenje, n'kundifunsa ngati kuno kukuzizira.

Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma m'mawa mwake nditadzuka, kusekako kunali kutatha.

Chichokereni a Nyirenda, pabwalo lomwelo ndakhalapo ndekha miyezi yambiri, ndikusenda nshawa popanda wondiyankha. Amene anabwera kudzakhala nane sakwana zala za dzanja limodzi. Msewu ndi womwewo, njinga ndi zomwezo. Nanga bwanji miyendo yathu imapepuka munthu akafa? Timaopa kunenedwa kuti sitinaoneke pamaliro. Koma ndani ananenedwapo chifukwa chosapita kukaona wamasiye mwezi wachitatu, anthu onse atabalalika?

Sindikunena anzanga okha. NyaBanda yemweyo amuna ake anatsogola a Nyirenda asanadwale n'komwe. Ndinapita, ndinagona kumaliro masiku atatu, ndinaimba mpaka mawu kusasa. Kuchokera pamenepo sindinapondekonso. Ndinkati tinayambana. Koma kuyambanako sikunandiletse kupita kukalira.

A Yotamu anafunsa kuti nyama achite nayo bwanji. Ndinati anthu adye, asabwerere ndi njala, abwera kale. Ndinangowapempha chinthu chimodzi, kuti anditumizire manambala a amayi amasiye onse amene anafika pamaliro angawo. Anapezeka asanu ndi awiri.

Tsopano tsiku lililonse ndikatha kumwa tiyi ndimaimbira mmodzi. Timakamba za nkhuku, za mawondo ndi za mtengo wa feteleza, mpaka wina foni yake ithe moto.