Mkazi Amene Ndinamunena Kuti Anathawa Khasu

Matenda angawa amabwera n'kupita. Anayamba zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndili m'munda wa thonje kuseri kwa Ngabu. Ndinawerama kuti nditole thonje la m'munsi, koma poweramuka mwendo wamanzere unali ngati wa munthu wina. Sunkapweteka ayi. Ndinkauona, ndinkaugwira, koma kuti usunthe unkakana. Ndinakwawa mpaka pansi pa mtengo wa masawu, ndipo kumeneko ndi kumene anthu anandipeza. Patatha masiku anayi mwendo unabwerera wokha.

Kuyambira pamenepo sindidziwa kuti mawa ndidzuka bwanji. Ndimatha miyezi iwiri kapena itatu ndili bwinobwino. Kenaka m'mawa wina zala zimachita dzanzi, supuni imandipulumuka, mbuzi imodzi ndimaiona ngati ziwiri. Chaka chathachi kwawonjezekera lilime. Limalemera, mawu n'kumatuluka ngati a munthu amene wamwa kachasu chosadya.

Kuchipatala ndapitako kambirimbiri. Chovuta n'chakuti matenda akandigwira sindingathe kuyenda, ndipo ndikatha kuyenda amakhala atachoka. Ndiye ndimafika kwa adokotala ndi miyendo yanga iwiri. Amandiuza kuti nditsinzine, ndigwire mphuno ndi chala, ndiyende molunjika mpaka pakhomo. Zonse ndimakhoza. Amandigogoda pa bondo ndi kanyundo, mwendo n'kudumpha ngati wa mnyamata. Magazi anayeza: malungo ayi, shuga ayi, kachilombo ayi. Ananditumiza ku chipatala chachikulu kumtunda, kumene anandilowetsa mutu m'makina, n'kundiuza kuti sakuona chokwanira kutchula dzina, ndidzabwerenso zikadzayambiranso. Sindiwadandaula, amayesetsa. Kabuku kanga ka kuchipatala kanadzaza, pano ndili pa kachiwiri. Kuwerenga ndinaphunzira mochedwa, pa sukulu ya kwacha, imvi zitayamba kale, choncho ndimatenga timabukuti n'kumafufuza tsamba ndi tsamba dzina la matenda anga. Mulibe.

Amene amandisunga ndi mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, pakuti mkazi wanga wachiwiri, amene anamulera, anamwalira. Ndi mwana wabwino, koma pakamwa ndi pakuthwa. Tsiku lina, m'nyengo imene mapira amakhala akukhwima, anandipeza ndagona pa mkeka dzuwa lili pamutu.

"Abambo, dzulo si inu munapalasa njinga mpaka ku Ngabu kukaonera bawo?"

"Ndine."

"Ndiye lero mwendo wamva kuti kumunda kuli koinga mbalame?"

Ananena moseka, uku akundiikira phala. Mawu amenewo ndinawazindikira, chifukwa ndine ndinayamba kuwanena, zaka zoposa makumi anayi zapitazo, ndipo ndinkanena mayi ake omubereka.

Mkazi wanga woyamba ndinamutenga ku tsidya, kufupi ndi Chiromo. Ndinapereka malowolo onse monga mwa mwambo wa kwathu, iye n'kubwera kudzakhala pakhomo pa bambo anga. Anali wolimbikira ntchito. Atabereka mwanayu m'pamene zinayamba. Tsiku lina sakudzuka, akuti miyendo ilibe mphamvu. Sabata yotsatira ali pa mtondo akusinja, akuimba. Tinapita naye kuchipatala, tinapita kwa asing'anga, palibe chimene chinapezeka. Mayi anga anayamba kunong'ona kuti ndi ulesi, ine n'kumamvera. Chaka china, thonje litaphulika munda wonse, anagona masabata awiri, thonje likuthothokera pansi. Ndiyeno pamudzi panali ukwati. Loweruka ndinamuona ali pakati pa bwalo akuvina utse ndi amayi anzake, thukuta lili kamukamu, akuseka. Lolemba sanadzuke.

Ndinaitanitsa ankhoswe. Tinakhala pansi pa mtengo wa bwemba, a kwathu uku, a kwawo uko. Ine ndinati, "Miyendo yomva ng'oma koma yosamva khasu ndilibe nayo ntchito." Anthu anaseka, ndipo ndikukumbukira bwino kuti ndinasangalala kuti aseka. Iye anangoti, "Sindikunama, abambo. Zimabwera zokha." Mlongo wake anamukweza pa njinga n'kumapita naye. Mwana anatsala, pakuti kumene kwaperekedwa malowolo mwana ndi wa kuchimuna. Anali ndi zaka zitatu. Akafunsa, tinkamuuza kuti amayi ako anathawa khasu, ndipo anakula nazo zimenezo. Mayi ake anawoloka kangapo kudzamuona. Ulendo womaliza, mwanayo ali namwali, anadzitsekera m'nyumba osafuna kuwapatsa moni.

Tsopano ndikudziwa chifukwa chake anavina. Mwendo wanga ukabwerera, sindikhala pansi. Ndimatenga njinga n'kupita kulikonse, ngakhale kopanda chifukwa, kuti ndingomva phazi likukankha. Munthu umachita dyera ndi tsiku labwino, poti sudziwa kuti lina lidzabwera liti.

Izi ndinazizindikira kalekale, m'chaka choyamba cha matenda anga, koma ndinakhala nazo chete. Chimene chinandichotsa pa mkeka ndi lilime. Ndinayamba kuopa kuti tsiku lina lidzalemera osapepukanso, ine n'kufa ndi mawu m'kamwa. Mayi wina wogulitsa mlamba wouma pa msika anandiuza kuti mkazi uja akadali moyo, akukhala pa mudzi wa malemu mlongo wake. Kuyambira tsiku limenelo mtima sunakhazikike. Ndikakhala pakhonde ndinkafuna kumunda, ndikafika kumunda ndinkafuna pakhonde. Ndinkayeserera ndekha mokweza, kuti ndimve ngati mawu akutuluka bwino: munkanena zoona, munkanena zoona.

Anzanga a pa bawo anali ndi maganizo awo. "Achimwene, matenda osaoneka m'makina ali ndi mwini wake," anatero mmodzi. "Ndi mkazi uja wakuponyerani. Pitani mukagwade, akumasuleni." Ndinawauza kuti ine ndine wopemphera, zimenezo sindizikhulupirira. Koma ndivomere kuti penapake mumtima ndinkalakalaka zitakhala choncho. Matenda okhala ndi mwini wake umadziwa kokadandaula.

Ulendo woyamba wopita kwa mkazi uja unalephereka chifukwa mwendo unandigwira kutatsala tsiku limodzi. Wachiwiri madzi anasefukira, anthu sankawoloka. Wachitatu ndinanamiza mwana wanga kuti ndikupita kuchipatala, n'kuika timabuku tanga m'jumbo. Ndinakwera minibasi mpaka ku Bangula, ndinawoloka pa boti, ku tsidya n'kukwera kabaza. Tsiku limenelo thupi linali bwino kuposa masiku onse. M'boti ndinalowa osagwiridwa dzanja. Zinandikwiyitsa. Nditatsika pa kabaza ndinaganiza zoyamba kutsimphina pang'ono, kuti ndioneke ngati wodwala. Ndinaponda kawiri motero, manyazi n'kundigwira.

Mayi aja ndinawapeza atakhala pa mthunzi kumbali kwa nyumba, akuluka mkeka wa mlaza, ndodo ziwiri zili pambali pawo. Anali atachepa thupi, koma maso anali omwe aja. Ndinaodira. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Maliro ndi a ndani?" anafunsa.

"Palibe maliro, amayi."

"Mwana?"

"Ali bwino. Ali ndi ana anayi."

"Ndimamva kwa anthu. Khalani pansi, mukunditchingira mphepo."

Mawu aja ndinayeserera anathawa. M'malo mwake ndinatulutsa timabuku n'kuyamba kuwaonetsa masamba, apa anandiyeza izi, apa anandiyeza izo.

"Mwawoloka Shire kudzandionetsa mapepala? Ine sukulu ndinapita liti?"

Ndinatseka timabuku n'kufotokoza ndi pakamwa: za mwendo, za zala, za maso, za lilime. Manja awo anasiya kuluka.

"Kukatentha kwambiri zimakula?"

"Zimakula."

"Mukasamba madzi ofunda?"

Ndinadabwa. "Ndimatuluka m'bafa mokwawa."

"Muzisamba ozizira, ngakhale mu Juni. Nanga zisanabwere, simumva ngati nyerere zikuyenda m'zala?"

Zaka zonsezi palibe amene anandifunsapo mafunso otere. Ndinayankha ngati mwana wa sukulu. Atatha anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka pang'ono.

"Koma mwatsika pa kabaza ngati mnyamata wodzafunsira mbeta. Ndiye ine ndikhulupirire kuti mumadwala?"

Anandisiya choncho, nkhuku zikutola pafupi ndi mapazi anga. Ndikuganiza kuti anachita dala, ndipo anali ndi ufulu wotero. Mapeto ake mawu anatuluka okha.

"Munkanena zoona. Tsiku lija pa bwemba, munkanena zoona."

"Ndikudziwa," anatero. "Miyendoyo ndi yanga."

"Anzanga akuti mwina munandiponyera."

"Ndikanakhala ndi mankhwala oterowo ndikanadikira kuti muchite kaye imvi?"

"Kuchipatala anakuuzani kuti ndi chiyani?"

"Sanandiuze. Ndinasiya kufunsa."

Ndinagwada, ngakhale sanandiuze kutero, n'kupempha kuti andikhululukire. Iwo anatolanso mlaza wawo.

"Dzukani, mungalephere kudzuka ine n'kusowa wokunyamulani. Za kukhululuka mukambirane ndi Mulungu wanu. Kundibweza kuja sikunandiphe, kuno anandisunga bwino. Koma kwanu kuli mwana amene mpaka lero amadziwa kuti amayi ake anathawa khasu. Mawu mwabweretsawa mwalakwitsa nawo khomo."

Anaitana mtsikana wa pa nyumba yoyandikana kuti andipatse madzi akumwa, ndipo anandiuza kuti ndifulumire, maboti asanasiye kuwolotsa.

Ndinabwerera ndili wolemedwa kuposa mmene ndinapitira. Kuuza mayi wokalamba wa ku tsidya n'kosavuta, ukatha umakwera boti n'kumapita. Koma mwanayu ndi amene amandiphikira, amene amandichapira, amene amandinyamula mwendo ukafa. Akandisiya ndilibe wina. Masiku khumi anatha ndikungozungulira. Ndinkati ndinena akatha kudya, akatha kudya ndinkati ndinena akabwera ku mjigo. Ndinakonza khola la mbuzi limene silinkafunika kukonza. Iye anafunsa kuti adokotala anati chiyani, ine ndinati monga mwa masiku onse.

Tsiku la khumi ndi chimodzi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndinamva nyerere zija m'zala. Ndinadziwa kuti ndatsala ndi tsiku limodzi, mwina osakwana. Mwana wanga anali pabwalo akupeta mapira. Ndinakoka kampando n'kukhala patsogolo pake, mankhusu akundigwera.

"Abambo, malo onsewa mwasankha pamphepo?"

"Sindinapite kuchipatala tsiku lija. Ndinapita kwa amayi ako."

Lichero linaima.

"Amayi ako sanathawe khasu. Ankadwala monga ndikudwalira inemu, lero ali bwino mawa sakudzuka. Ndine ndinawathamangitsa, ndipo ndine ndinakunamiza."

Anayambiranso kupeta, mwamphamvu, mpaka mapira ena kutayikira pansi. Kenaka anaika lichero pansi.

"Mwadziwa liti?"

"Zitangondiyamba ine."

"Zaka zisanu ndi chimodzi?"

"Eya."

"Ine ndikukusambitsani, ndikukukokerani kuchimbudzi, inu muli phee?"

"Ndinkaopa."

"Munkaopa chiyani, njala?" Anapukuta manja pa chitenje. "Tsiku lija anabwera ine n'kudzitsekera m'nyumba, inu munali pakhonde pomwepo. Atapita munandigulira nsapato."

Zimenezo ndinali nditaiwala. Iye sanaiwale.

M'mawa mwake mwendo unafa, lilime n'kulemera. Ndinagona masiku asanu ndi anayi. Anandidyetsa ndi supuni, anandisambitsa, ananditembenuza, zonse mwa nthawi yake, koma osanena kanthu kupatula "yasamani" ndi "dzukani". Nthabwala za mwendo zinatha. Ndinkazifuna, ngakhale zinkandipweteka. Ndinkafuna kumufunsa kuti akuganiza chiyani, koma pakamwa pankangotuluka phokoso.

Nditayamba kuima ndi ndodo, anakonza ufa ndi ndiwo zouma, anapempha mayi woyandikana nafe kuti azindiphikira, n'kumanga kachikwama. Sanandiuze kumene akupita ndipo sindinafunse. Anatha masiku anayi. Masiku amenewo ndinayenda kuchoka pakhonde kukafika kumsewu kosawerengeka, ndikukoka mwendo, kuyang'ana minibasi iliyonse.

Atabwera analowa m'nyumba, anasintha zovala, n'kutuluka kukayang'ana mbuzi. Ndinamutsatira mpaka kukhola.

"Amayi ako ali bwanji?"

"Miyendo inawagwira tsiku lachiwiri," anatero osatembenuka. "Ndinawasambitsa."

Ndinadikira kuti apitirize, koma anayamba kumasula mbuzi. Zimene anakambirana kumeneko sanandiuze mpaka lero. Amandisamalira monga kale, ndipo mwezi wathawu anandiperekeza kuchipatala, kumene analemba tsamba lina lopanda dzina la matenda. Pobwerera m'minibasi anandiuza kuti tikatha kutola thonje apitanso ku tsidya, ndipo ulendo uno atenga ana onse. Sananene kuti akakhalako masiku angati.