Vayolini ya Che Sindire

Okutobala akafika ku Chiuta, nyanja imathawa gombe n'kusiya matope ong'ambika. Mphepo yochokera ku Mozambiki imawotcha kumaso, ndipo bwato uliwonse wotsala pamtunda umayamba kung'aluka. Imeneyi inali nyengo ya Che Usumani Chande, mmisiri womata mabwato. Ankasungunula phula m'chitini, kulowetsa nsanza mumng'alu ndi mpeni wobuntha, n'kumata mpaka madzi atasowa polowera. Ntchito ina sankaidziwa.

Chaka china kunabwera mzungu wa ku Norway woyeza nsomba za m'nyanjamo. Anthu anamutcha Che Sindire. Bwato wa mzunguyo ankamata ndi Che Usumani, ndipo chibwenzi chawo chinayambira pamenepo. Madzulo dzuwa likapepa, Che Sindire ankatulutsa vayolini m'bokosi lakuda n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Anthu ankati ndi kaligo wonenepa wa zingwe zinayi. Ankaimba nyimbo za kwawo, zina zovinira paukwati, zina zoitanira ng'ombe kumapiri. Akatha ankapempha Che Usumani kuti amuimbire zokokera khoka, n'kumafunsa tanthauzo la liwu lililonse la Chiyao mpaka mmisiriyo kutopa.

Panali nyimbo imodzi ya nyanja ya kwawo, imene m'nyengo yozizira imauma ngati mwala, anthu n'kumayenda pamwamba pake. Awiriwo anaimasulira m'Chiyao pang'onopang'ono mpaka dzinja linatha. Che Usumani ankati nyimboyo ndi yabodza koma yokoma, ndipo ankaiimba pomata.

Tsiku lina m'mawa kunafika galimoto ya boma. Zinamveka kuti makina ojambulira mawu a mzunguyo anatola nyimbo ina ya amayi pamtondo imene sinayenera kutoledwa. Palibe amene anafunsa kuti ndi iti. Anamuuza kuti atuluke m'dziko msanga, ndi chikwama chimodzi. Pokwera galimoto anapatsira Che Usumani bokosi lija.

"Mundisungire, achimwene. Imaopa dzuwa. Ndikadzabwera idzaimbenso."

Che Usumani anaipachika kudenga, pakona pomwe utsi sufika. Akazi awo, Abiti Hamadi, ankaitcha mkazi wamng'ono. Ankati iwo chikwatiwire sanafunditsidwepo nsalu yatsopano, koma mnzawoyo amapukutidwa m'mawa uliwonse osagwira ntchito ina iliyonse.

Chilimwe chachiwiri, Che Usumani atatsegula bokosi, anapeza kamng'alu kowonda ngati tsitsi pamimba pa vayolini. Anachita zimene manja awo ankadziwa, anapakapo kaphula. Mng'alu unaima. Koma atakoka uta pachingwe monga ankachitira mwini wake, anamva kuti mawu atsika, akumveka ngati munthu woyankhulira m'bulangete. Chaka chotsatira unatuluka mng'alu wina pafupi ndi khosi. Anausiya osamata kuti mawu asafe, ndipo pofika mvula yoyamba unali utayenda kutalika kwa chala.

Anamva kuti ku Utale kuli a Blasius, katekisiti wodziwa kukonza limba la m'tchalitchi. Anakulunga bokosi m'chiguduli, pamwamba n'kuikapo matemba ouma kuti pasiteshoni asafunsidwe zambiri, n'kukwera sitima. A Blasius anawalandira bwino Msilamuyo, nawapatsa thobwa. Anaitembenuza vayolini mofatsa, n'kunena kuti thabwa lake linakulira kozizira, kuno lizing'aluka basi, ndipo guluu wake ngakhale ku Blantyre sakudziwa ngati alipo. Kenaka anafunsa kuti mwini wake ndani. Atamva dzina anaibweza m'bokosi, n'kusuzumira kunja.

"Bambo Chande, ine ndili ndi ana kusukulu. Inu simunafike pano, ine sindinaone kanthu."

Anawaperekeza mpaka panjanji, akupepesa njira yonse.

Zaka zinapita. Nyanja inkadzaza ndi kuphwa, ana a Che Usumani anakwatira, mtengo wa mango uja unagwa ndi mphepo. Za Che Sindire sizinamvekenso, ndipo kufunsa ku boma kunali kudziitanira galimoto ija. Chilimwe chilichonse vayolini inkatsegula pena. Akamata, mawu ankachepa. Akaleka, thabwa linkapatukana. Anayesa kuika mphika wa madzi pansi pake, zingwe zinachita dzimbiri ndipo ziwiri zinaduka.

Okutobala wa chaka chimene maso a Che Usumani anayamba kuchita nkhungu, mng'alu waukulu unatsika kuchokera kukhosi mpaka kumunsi, woti kuwala kunkadutsa. Anakhala nayo pamiyendo pakhonde kuyambira m'mawa. Abiti Hamadi anabwera kuchokera kudimba, anaima n'kuwayang'ana.

"Mukamata pamenepo, mkazi mnzangayu sadzayankhulanso."

"Ndikaleka agawika pawiri."

"Nanga mwini wake akadzabwera mudzati chiyani?"

Mayiwo anatula khasu, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kansalu kakale kofewa. Anakang'amba timizere tating'ono n'kuika pambali pa amuna awo. Kenaka anasonkha moto pansi pa chitini.

Phula litasungunuka, Che Usumani analowetsa nsanza mumng'alu ndi nsonga ya mpeni, kuyambira kukhosi kutsika, akung'ung'udza nyimbo ya nyanja youma ija. Anathira phula, analisalaza ndi chala chachikulu, nadikira kuti lizizire. Anapukuta fumbi, anaigoneka m'bokosi pamodzi ndi uta wake, anatseka, n'kupachika kudenga.