Makina amene anasankha mlamu wanga

Mu ofisina yokonza magalimoto ku Ulongwe, wowongola zitseko zophwanyika ndinali ine. Mlamu wanga, mkamwini wa pamudzi pathu, ntchito ndinachita kumupemphera ndine. Koma apatarau, eni ake ofisinayo, atafuna kugula makina owotcherera a magetsi, amene anakwera kutsogolo kwa kamiyawu, lole ya pa ofisinapo, kupita ku Tete anali iyeyo, ati poti anakhalako ku Joni ndipo anawaonako makina otero.

Asananyamuke ndinamuuza kuti, "Alamu, mukasankhe aakulu, oima pansi. Tating'onoting'ono sitikhalitsa."

Anangomwetulira. Anabwera ndi kanthu konyamula m'manja, ka zala ziwiri ngati nkhanu. Kakatsina malata awiri ankagwirana pomwepo, kadontho kamodzi basi, osapindika ngati mmene unkawapindira moto wanga wa gasi. Kankalowa mpaka m'makona a zitseko, mmene aakuluwo sakanafika.

Ndinadikira kuti kapse. Mlongo wanga ankatama mwamuna wake pachitsime, ine ndikudikirabe. Nkhondo inafika, apatarau anachoka, ofisina inatsekedwa, kanthuko kakugwirabe ntchito.

Akanalakwitsa, bwenzi nditamukhululukira kalekale mlamu wangayo. Koma anasankha bwino, ndipo mpaka lero zimandiwawa.