Kapu Yanga Pamsomali

Kachilombo ka zilonda za m'mimba kanandibwerera chaka chisanathe n'komwe. Ndinali nditamwa mapiritsi a mitundu itatu kwa masabata awiri, m'kamwa mukuwawa ngati ndanyambita dzimbiri, ndipo atandiyezanso anati katha. Sukulu n'kuti itandipita kale. Fomu 3 ndinaithera nditapindika pa desiki, mimba ikutentha, mpaka ndinangoleka kupita. Ndiye moto uja utayambanso pansi pa chifuwa, sindinafunse munthu. Ndinakwera kombi ya ku Kwekwe, kupita kuchipatala.

Anesi ataona zotsatira anandifunsa mmene timamwera madzi kwathu. Ndinawauza. Ku Torwood mpopi umangotulutsa mphepo, ndiye timatunga pachitsime n'kuthira mundowa kuseri kwa chitseko. M'ndowamo mumayandama kapu imodzi. Bambo, mayi, achimwene anga awiri, mlendo, aliyense amatunga, kumwa, n'kuiponyamonso.

"Mwina wakatengera komweko, mwina n'koyamba kaja kanatsalira, sindingalumbire," anatero anesiwo. "Koma uziphitsa madzi, ukhale ndi kapu yakoyako, ndipo a kwanuwo abwere ndidzawayeze. Apo ayi tizingoonana."

Ndinagula kapu yachitsulo, kuipaka penti ya zikhadabo pachigwiriro, n'kuikoleka pamsomali kukhitchini.

Bambo anagwira ntchito pa ng'anjo ya zitsulo mpaka fakitale itatsekedwa, ndipo sayankhula zambiri. Anaima n'kuyang'ana msomaliwo nthawi yaitali.

"Ichi n'chiyani?"

"Kapu yanga, baba."

"Ndili mnyamata ndinkalima maluwa kwa mzungu wa kufakitale. Anandipatsa chitini cha jamu, chokoleka pamsomali kuseri kwa nyumba, kuti milomo yanga isakhudze galasi lake. Lero mwana wanga wandikhomera msomali m'nyumba mwanga."

Za chitinicho ndinazimva kambirimbiri ndili mwana, ndipo zinkandipweteka. Tsiku limenelo mimba inkapweteka kuposa.

"Mzunguyo sankasanza, baba. Ine ndikusanza. Inunso mumamwa soda m'mawa uliwonse, mukuyesa sindiona?"

"Imeneyo ndi mimba ya ng'anjo."

"Nanga ine ng'anjo ndinagwirapo liti?"

"Iwe, yankhula bwino ndi bambo ako," anatero mayi, maso ali pa masamba omwe ankadula.

Bambo anachotsa kapuyo n'kuiponya kunja. Inagunda khoma la chimbudzi n'kuphwanyika mbali imodzi. Ndinakaitola, kuitsuka ndi madzi otentha iwo akuona, n'kuikolekanso. Achimwene anayamba kunditcha madamu. "Madamu amwa tiyi muchiyani lero?" Ndinkawayankha kuti muchanga, iwo azipitiriza kumwa malovu a anzawo. Sabata yonse bambo sanandiyankhe moni. Mapiritsi atsopano anali owawa kuposa oyamba, ndipo ndinamwa onse, ndi madzi amene ndinaphitsa ndekha pa nkhuni zomwe ndinatola ndekha. Kachilomboka kanandilanda sukulu. Sindikanakalola kulowa kachitatu chifukwa choti wina wakhumudwa.

Lachiwiri lina mayi anauza bambo kuti akukagula tomato ku Kwekwe, ine ndikawasenzere. M'kombi, titafika pa mlatho, anati, "Kuyezako amabaya?" Ndinati sabaya, amangofuna chimbudzi pang'ono m'kabotolo. Anaseka atabisa pakamwa, n'kunditcha mwana wopanda manyazi. Kuchipatala anawapeza nako kachilomboko. Iwonso mimba inkawatentha kuyambira ndisanabadwe, osauza munthu.

Mapiritsi awo ankawasunga m'chitini cha shuga. Sindinawauze kanthu za kapu, koma tsiku lina ndinapeza msomali wachiwiri pambali pa wanga, pali kapu yobiriwira yomangidwa kaulusi. Bambo anaiona. Imeneyo sanaiponye.

Mpaka pano amamwabe ndi kapu ya m'ndowa, amamwabe soda wawo, ndipo kuchipatala akuti sapita. Ine ndatenga mwala n'kukhoma msomali wachitatu, pamwamba pang'ono, pofika dzanja lawo. Palibe chakolekedwapo. Andiuza kawiri kuti ndiuzule. Sindiuzula.