Dzino la Goloboyi

Chikwama chija chinali chakuda, chachitali pafupifupi ngati ine, ndipo tayala lake limodzi linali lothyoka, moti pochikoka chinkalira ngati wilibala yosowa girizi. M'kati mwake munali chisoti cha mawaya kumaso, mapadi awiri a m'miyendo okhuthala ngati mapilo a pasofa, golovesi yaikulu ngati mbale, ndi fungo. Fungo limenelo linali thukuta la ana ena amene anavala zinthuzo ine ndisanabwere, losakanikirana ndi chinyontho ndi labala. Amayi analamula kuti chikwamacho chisaponde m'chipinda chogona. Chinkagona kuseri, pakhonde, chitafunditsidwa pulasitiki.

Lero ndine goloboyi wa hoke ya pa ayezi. Ndiyo ntchito imene imandidyetsa, kudziko lina lozizira kuposa England, m'timu ya akazi okhaokha. Zovala amachita kundiyeza thupi, ndipo pali munthu amene ntchito yake ndi kuziyanika. Koma zonsezi zinayambira ku Bordesley Green, m'nyengo yozizira imene ndinali ndi zaka khumi.

Tinali titangotha chaka chimodzi ku Birmingham kuchokera ku Zomba. Amayi anali namwino pachipatala chachikulu cha m'dera lathulo. Tinkakhala atatu m'nyumba zija zogundana khoma ndi khoma: amayi, ine, ndi amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Kumudzi amalume anali goloboyi wa mpira wa miyendo, m'timu ya pa esiteti ya tiyi ku Mulanje. Zala zawo ziwiri za kumanja zinali zopindika, ndipo ankazionetsa kwa mlendo aliyense ngati mendulo.

Tsiku lina sukulu inatitengera ku bwalo la ayezi ku Solihull. Anatipatsa nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake, n'kutiuza kuti tiyende. Ndinagwa phazi lachiwiri lisanalowe n'komwe. Anzanga ankayenda atagwira mpanda, nkhope zili gwa. Ine ndinkagwa, kudzuka, kugwanso, uku ndikuseka mpaka misozi. Mphunzitsi wa pabwalopo, mayi wachizungu wa tsitsi lofiira ndi mawu aakulu, anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti akundimvera chisoni. Ayi ndithu. Timu yake ya ana inalibe goloboyi, chifukwa amene analipo makolo ake anasamuka, ndipo panalibe mwana wina wofuna kuima pamalo pamene aliyense akukugenda. Anati sanaonepo mwana wogwa mosaopa ngati ine. Anandipatsa pepala loti amayi akasayine.

Pepalalo linakhala pafiriji milungu iwiri. Amayi anaonera masewerawo pakompyuta mphindi zitatu zokha, n'kutseka. Pa hoke samenya mpira ayi. Amamenya ndi ndodo kachinthu kakuda kaphwatalala, kolimba ngati mwala, kotchedwa paki, ndipo goloboyi ntchito yake ndi kukatchinga ndi thupi lake.

"Ine sindinakubweretse kuno kuti udzaguluke mano," anatero amayi. "Anthu otere ndimawaona kuntchito akubwera atagwira chibwano m'manja."

Ine ndinkawayankha m'Chingerezi, monga ndinali nditayambira masiku amenewo, ndipo zimenezo zinkangokolezera moto. Amene anagwira ntchito ndi amalume. Tsiku lililonse potsuka mbale ankayamba nyimbo yomweyo: "Achemwali, magazi amenewa ndi akwathu. Goloboyi sapangidwa, amabadwa." Amayi anatopa nawo, anasayina. Koma anaika malamulo atatu: nyengo imodzi yokha, zakusukulu zisatsike, ndipo dzino likangoguluka limodzi, basi, chikwamacho chibwerere kwa eni ake.

Loweruka lililonse amayi ankakhala ali kuntchito, choncho amene ankandiperekeza kubwalo la ayezi ndi amalume. Tinkakwera mabasi awiri, chikwama chili pakati pathu. Dalaivala wina anafunsa moseka ngati munali munthu m'menemo. Amalume, nkhope ili phee, anayankha kuti inde, muli apongozi awo. Kuyambira tsiku limenelo dalaivalayo akatiwona ankafunsa kuti apongozi adzuka bwanji.

Pakati pa sabata bwalo lathu linali kanjira ka m'nyumba kochokera pakhomo kukafika kukhitchini. Ndinkavala masokosi kuti ndiziterereka, n'kuima pakhomo la khitchini. Amalume ankandigenda ndi masokosi okulungiza, kenako timipira ta tenisi. "Dumpha! Uluka! Goloboyi ndi mbalame!" Ndinkauluka ndithu. Tinathyola choikapo nsapato, ndipo amalume anauza amayi kuti chinali chofooka kale.

Masewero anga oyamba ndinauluka monga anandiphunzitsira. Koma pa ayezi, utavala katundu yense uja, ukadziponya chammbali sudzukanso. Ndinkangoti gada ngati kamba wogudubuzika, miyendo m'mwamba, paki n'kumalowa pang'onopang'ono ine ndikuiona. Tinagoletsedwa zigoli zisanu ndi zinayi. Atatha masewero mphunzitsi anandionetsa mmene goloboyi wa hoke amachitira: sadumpha, amagwada, mawondo pamodzi, mapazi kunja, mapadi n'kutambasuka pansi ngati mapiko a gulugufe. Amalume anaima potero akumvetsera, manja m'thumba. M'basi yachiwiri pobwerera anapuma mpweya wautali.

"Chabwino. Za miyendo uzimvera mzunguyo. Koma za mutu uzimvera ine. Chigoli chikalowa, tembenuka, umwe madzi, uchilavule pomwepo. Goloboyi alibe dzulo."

Kuchokera nthawi imeneyo ndaphunzitsidwa ndi makochi ambiri, ena a mapepala aakulu, ena olembedwa ntchito yongotilimbitsa mtima. Palibe amene anawonjezerapo kanthu pa mawu a m'basi aja.

Sindidziwa ngati ndingathe kufotokoza kukoma kwa nyengo imeneyo. Ukangolowa m'bwalo, kuzizira kunkakuluma mphuno ndi mano. Nsapato zinkalira kwee, kwee, pa ayezi watsopano wonyezimira ngati galasi. Paki ikamenya padi inkamveka phu! mpaka m'mimba, koma osapweteka. Ikalowa m'golovesi, dziko lonse linkaima, aliyense akuifunafuna, ine ndekha ndikudziwa pamene ili. Anzanga asanayambe kusewera ankabwera mmodzimmodzi kudzandigogoda mapadi ndi ndodo zawo, ndipo masewero akatha, kaya tapambana kaya tagonja, onse ankathamangira kwa ine kudzagunditsa zisoti. Kusukulu ndinali nditakhala chaka chonse ndili mtsikana watsopano wochokera ku Africa. Pofika Khirisimasi ndinali goloboyi. Ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti sindinali katswiri ayi, ndinali mwana wosangalala chabe amene sankatseka maso paki ikamabwera. Koma zigoli zinayamba kuchepa: zisanu, zitatu, tsiku lina chimodzi chokha.

Mu February dzino langa lina la m'munsi, chakumanzere, linayamba kugwedera. Silinamenyedwe ndi kanthu. Linali dzino laubwana limene nthawi yake inali itakwana. Koma lamulo la amayi silinanene kuti dzino lake liti. Ndinayamba kutafunira kumanja, kuseka nditatseka pakamwa, kutsuka mano mozemba mbali imeneyo. Amalume anandipeza tsiku lina ndikuligwedeza pagalasi. Anayang'ana kudenga. "Ine sindinaone kanthu," anatero, n'kutuluka.

Masewero otsiriza anali mu March, Loweruka masana, ndi timu ya ku Coventry, yomwe ija inatithira zisanu ndi zinayi. Amayi anasinthana shifiti ndi mnzawo kuti abwere, koyamba. Ndipo sanabwere okha. Anabwera ndi azimayi anayi a kutchalitchi kwathu, majekete pamwamba, zitenje m'chiuno, fulasiki ya tiyi ndi mandasi m'kathumba. Mmodzi anali wa ku Chipata, mayi wa mawu oti akamayimba kwaya ena onse amangotsatira. Atandiona ndikutuluka ndi zovala zanga zonse anafuula bwalo lonse likumva: "Iwe mwana! Nanga tizikuti goloboyi kapena gologelo?"

Malamulo a masewerawo sankawadziwa ndi limodzi lomwe. Ankangodziwa kuti wawo ndi uyo ali pagoloyo. Nditagwira paki koyamba anaimba nthungululu, ndipo woimbira masewero anatembenuka mwadzidzidzi ngati wamva belu la moto. Kenako nthungululu inkalira ndikagwira, ndikagwada, ngakhale ndikangotembenuka kumwa madzi. Makolo achizungu poyamba ankayang'anana. Pofika chigawo chachiwiri ena anali akuyesera nawo, mandasi ali m'manja. Amayi okha anakhala duu, chikwama chawo cha m'manja atachikumbatira pamiyendo.

Tinkatsogola ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi. Kutatsala mphindi zochepa, mnyamata wamtali wa timu inayo anamenya paki ndi mphamvu zake zonse. Sindinaione. Ndinangomva ngwee! pamawaya a chisoti, makutu n'kuyamba kulira, ine khuu pansi chokhala. M'kamwa munabwera mchere, ndipo palilime panali kanthu kolimba ngati kamwala ka mu mpunga.

Woimbira anaimitsa masewero n'kundifunsa ngati ndili bwino. Ndinagwedeza mutu, milomo nditaitseka. Mphunzitsi anafunsa ali kumpanda, ndinakweza golovesi. Dzinolo ndinalikankhira m'tsaya ndi lilime, magazi n'kumameza. Nzeru zanga zonse zinali zoti ndikafika m'chipinda chovulira ndikalibisa m'sokosi, amayi osadziwa mpaka kalekale.

Masewero atayambiranso, mnzathu wina anaterereka, ndipo mnyamata wamtali uja anatsala yekha, akubwera kwa ine, pakati pathu popanda munthu. Bwalo lonse linali phokoso, koma ndinamva mawu amodzi a Chichewa, a amalume, atamatira pagalasi la mpanda: "Usagwe msanga! Muleke aganize yekha!" Ndinaima. Anapita kumanja, ndinaima. Anabwerera kumanzere, malo n'kumuthera, ndipo pamene ankamenya m'pamene ndinagwada. Phu! Paki inagunda padi n'kuthawira pakona. Posakhalitsa belu linalira. Anzanga onse anandigwera pamwamba mulu umodzi, akukuwa, ine pansi pawo ndikuseka ndi mphuno, kuopa kumeza dzino.

Sindinafike n'komwe kuchipinda chovulira. Amayi anali ataima panjira.

"Vula chisoticho. Yasamula."

Ndinapukusa mutu. Anatambasula dzanja pansi pa chibwano changa n'kudikira. Ndinalavulira dzinolo m'dzanja lawo, ndipo ndinayamba kulira, kulira kwenikweni, ndikuchonderera m'Chichewa chimene ndinali ndisanalankhule miyezi ingapo. Amayi analitembenuza ndi chala, kuliyang'ana kunsi, kenako anandiyang'ana m'kamwa.

"Ili ndi laubwana, lilibe ndi muzu womwe. Milungu itatu ukutafunira mbali imodzi ngati mbuzi, umayesa sindimaona? Limeneli sitiwerenga. Pukuta mamina."

Amalume anavina pomwepo, pamaso pa azungu onse, mayi wa ku Chipata akuwaombera m'manja. Titatuluka panja amalume anati dzino lotere kwathu timaliponya padenga kuti linzake limere bwino. Koma denga la bwalo la ayezi si la nyumba ya ku Zomba. Anaponya koyamba, linagunda khoma n'kubwerera. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu linatayika pakati pa magalimoto, ndipo azimayi anayi a kwaya anawerama kulifunafuna, akuseka mpaka kugwirana mapewa. Amalume analengeza kuti lafika padenga, iwo aliona ndi maso awo.

M'basi yobwerera dzuwa linali likadalipo, lofooka, likuwala pamawindo onyowa. Amayi anandikhazika pambali pawo. Anandigwira dzanja, osati m'chikhatho, koma pamkono, ndi zala ziwiri, maso ali pawotchi. Kenako anayamba kundifunsa mafunso. Lero ndi lachingati? Chigoli choyamba anagoletsa ndani? M'mawa unadya chiyani? Tandiyang'ana kuno. Tatsatira chala changachi. Titasintha basi anandifunsanso mafunso omwewo, mwa ndondomeko yomweyo.

Ine ndinkayankha mokondwa, ndikuwonjezera ndi zimene sanafunse. Ndinawafotokozera za gulugufe, za mnyamata wamtali, za mmene paki imamvekera m'golovesi. Mumtima ndinkati, taonani, amayi aikonda hoke, mpaka akufuna kumva kawiri. Sindinkadziwa kuti namwino amatero akafuna kuona ngati ubongo wa munthu wagwedezeka, kapena kuti kulira kwa chisoti kuja iwo anakumva kuposa ine. Ndinangoona kuti zala zawo zinali zozizira, ndipo ndinawauza, monga munthu wodziwa za pa ayezi, kuti ulendo wina adzavale magolovesi.

"Ndidzavala," anatero amayi. "Tandiuzanso, lero ndi lachingati?"