Amayi Anapita Kukathyola Tiyi

Chaka chimene ndinkaphunzitsa Sitandade 5 pasukulu ya pa esiteti ku Thyolo, ndinauza ana kuti aliyense azilemba m'kope zimene zachitika tsiku ndi tsiku. Lachisanu lililonse ndinkasonkhanitsa makopewo n'kukawerenga. Anyamata ankalemba za mpira, ena za maliro, ena za mbuzi zolowa m'munda mwa eni.

Mtsikana wina wa kumalayini, kunyumba za antchito, ankangolemba mzere umodzi: "Amayi anapita kukathyola tiyi." Dzinja lonse unali mzere womwewo. Ndinatopa n'kumulembera ndi bolopeni yofiira kuti alembeko zatsopano. Nditamufunsa, anangoti, "Aphunzitsi, n'zimene zimachitika."

Kuzizira kutayamba, tiyi anasiya kuphuka, ndipo esiteti inayamba kupumitsa antchito a sizoni. Sabata imeneyo mtsikana uja analemba zambiri: "Amayi sanapite. Dengu abweza kwa akapitawo. Tikumanga katundu, tikubwerera kwathu kwa Mphuka."

Pansi pake ndinalemba kuti wakhoza, popeza zatsopano zinalipodi. Lolemba ndinagawa makope, aliyense natenga lake. La mtsikana uja linatsala patebulo panga.